Tambala wa m'nkhalango ndi bowa wotuluka magazi: ulendo wa ku Abernethy

Kumapiri a kumpoto kwa Scotland kuli nkhalango yotchedwa Abernethy. Anthu amachokera kutali kudzaona mbalame ina ya m'nkhalangomo, koma akafika amapeza zikwangwani zowapempha kuti asaifunefune. Dzina lake ndi capercaillie. Pa kalembera wa m'nyengo yozizira ya 2021 mpaka 2022, akatswiri anapeza kuti mu Scotland monse zatsalamo pafupifupi 542, ndipo zambiri mwa izo zili m'chigwa cha mtsinje wa Spey, momwe muli nkhalangoyi. M'nkhalango yomweyo, m'mphepete mwa tinjira, mumamera bowa wina amene pamwamba pake pamatuluka timadontho tofiira ngati magazi. Ameneyu alibe chikwangwani, alibenso nambala ngati ya mbalame ija. Komatu awiriwa moyo wawo uli pa mtengo umodzi.

Abale anga a kuno kunja, ife timakhala ku Glasgow. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi manetiweki m'maofesi, kotero tsiku lonse mutu umakhala pansi pa desiki kapena m'kachipinda ka maseva. Kumapeto kwa September masukulu a kuno amapereka katchuthi ka masiku angapo, ndiye mayi a kunyumba anati chaka chino ana akaoneko mitengo yosadzalidwa ndi khonsolo. Tinanyamuka anthu anayi: ine, iwo, mwana wathu wamkazi wa zaka 10 ndi mlongo wake wa zaka 6. M'buti munali poto, mthiko ndi ufa, poti kulikonse kumene tingagone nsima siphonyeka.

Njira ya ku Nethy Bridge

Kuchoka ku Glasgow kukafika ku Aviemore ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu pa msewu wa A9. Mukadutsa Perth ndi Pitlochry mumakwera mpata wa Drumochter, ndipo apa m'pamene mapiri amavula. Mbali zonse ziwiri ndi zitunda zofiirira zopanda mtengo, nkhosa zili apo ndi apo. Alendo amaima n'kumajambula, ati kukongola. Ine ndikaona phiri lopanda mtengo mtima umanena zina, chifukwa ndinakulira kufupi ndi Dzalanyama ndipo ndikudziwa mmene dazi la phiri limayambira.

Kuchokera ku Aviemore ndi mphindi 20 zokha kukafika pa kamudzi ka Nethy Bridge, pomwe tinagona. Nkhalango imayambira kuseri kwa nyumba za anthu. Amene munafikako ku Chikangawa musaganize za paini wa m'mizere, wolingana msinkhu ngati asilikali. Paini wa ku Abernethy ndi wachilengedwe, amamera pomwe mbewu yagwera. Makungwa ake kumtunda ndi ofiira ngati njerwa yootcha. Pakati pa mitengo yowongoka pali ina yakale kwambiri, ya zaka 200 kapena 300, yotambalala ndi yokhotakhota, imene eni dera amaitcha agogo aakazi. Pansi pake pali ndere zofewa, zitsamba za heather, ndi tizitsamba tofika m'maondo totchedwa blaeberry, tobala tizipatso takuda tating'ono kuposa nthudza. Palinso zulu za nyerere zomangidwa ndi masamba a paini okhaokha, zina zofika m'chiuno mwa mwana. Agologolo ake ndi ofiira.

Nkhalango ya mtunduwu, imene amaitcha Caledonian Forest, inayamba madzi oundana atasungunuka zaka zoposa 8,000 zapitazo, ndipo inakuta dera lalikulu la kumapiri kuno. Lero yatsala m'zigamba 84, zonse pamodzi mahekitala pafupifupi 18,000. Dzalanyama yokha ndi yaikulu kuposa pamenepa kasanu. Abernethy ndiye chigamba chachikulu pa zonse. Inathera ku nkhwangwa ndi ku mano a ziweto. Mu 1728 kampani ya ku London yotchedwa York Buildings Company inagula mitengo ya kuno n'kumaiyandamitsa mu Spey mpaka kunyanja. Ina ankaiboola pakati kuti ikhale mapaipi a madzi. Pa nkhondo ziwiri za dziko lonse kunabwera asilikali odula mitengo ochokera ku Canada. Ndipo popeza mimbulu anali ataitha kale, agwape anachulukana n'kumadya kamtengo kalikonse kongophuka. Mu 1988 bungwe loteteza mbalame la RSPB linagula mbali yaikulu ya nkhalangoyi, ndipo ndi lomwe likuisamalira.

Mfunda wake ndi uti?

Bowa uja anamupeza ndi mwana wathu wamkazi, Loweruka m'mawa, pa kamtunda ka mchenga m'mphepete mwa njira. Anali wotambalala ngati chikhatho cha mwana, woyera mofiirira pang'ono, pamwamba pake timadontho tofiira tili waliwali. Pambali pake panali anzake okalamba, oderako ndi olimba ngati chikopa, atameza masamba a paini ndi timitengo m'thupi mwawo pokula. Titasuzumira kunsi, m'malo mwa timizere topyapyala timene timaona pa bowa wa kwathu, panali timano tambirimbiri tolozera pansi. A kuno amamutcha dzino la mdyerekezi.

Ndinajambula n'kutumiza pa WhatsApp kwa amayi kumudzi. Yankho silinachedwe. "Aaa, bambo, chimenecho si bowa ayi, n'chirombo. Anawo asachigwire."

Amayi anaweruza mlanduwo mwa kagawidwe ka kwathu. Pa Chichewa, bowa ndi uyo wolowa mumphika. Zina zonse zomera pa chitsa kapena m'tchire, zokhala ngati bowa koma zosadyedwa, ndi zirombo basi. Ndipo pa uyu sanaphonye: alibe poizoni wakupha, koma ndi wowawa ndi wolula moti palibe angamumeze. Ena amangomugwiritsa ntchito ponyika ubweya wa nkhosa kuti usinthe mtundu.

Asayansi nawo ali ndi kagawidwe kawo, ndipo ine ndimakamva bwino ndikakafanizira ndi mfunda. Cholengedwa chilichonse amachipatsa mayina awiri, loyamba lokhala ngati Phiri kapena Banda, lachiwiri lakelake. Mbalame ija ndi Tetrao urogallus, dzina limene Carl Linnaeus wa ku Sweden anaipatsa mu 1758. Mukatsata mzere wake mupeza abale odziwika bwino. Ili m'gulu la Galliformes, momwe muli nkhuku, nkhanga, nkhwali, zinziri ndi nkhukundembo. M'gululi, banja lake ndi limodzi ndi la nkhuku ndi nkhwali, pomwe nkhanga ili ndi banja lakelake. Mwachidule, capercaillie ndi msuweni wa tambala wa pakhomo panu. Tambala wake amalemera makilogalamu 4 kapena kuposa. Ndi wakuda, pachifuwa pobiriwira monyezimira, pamwamba pa diso pofiira, ali ndi kandevu, ndipo mchira amautambasula ngati nkhukundembo. Thadzi ndi theka la pamenepo, lamawangamawanga ngati nkhwali. Dzina loti capercaillie linachokera ku chinenero cha Gaelic ndipo limatanthauza hatchi ya m'nkhalango, poti kulira kwa tambalayo kumayamba ngati ziboda pa msewu, kenako kumaphulika ngati chotsekera botolo.

Bowa uja ndi Hydnellum peckii. Mzere wake ndi wautali ndipo wavutitsa ophunzira. Linnaeus yemweyo anaika bowa yense m'gulu la zomera, ndipo zinakhala choncho zaka 200. Mu 1969 Robert Whittaker wa ku America ndi amene anatchukitsa zoti bowa akhale ndi ufumu wakewake. Kenaka kuyeza kwa DNA kunaonetsa chinthu chodabwitsa, chakuti bowa ali pa ubale wapafupi ndi nyama kuposa ndi zomera. Sapanga chakudya ndi dzuwa ngati tsamba, amadya zopangidwa ndi ena ngati ifeyo. Ndipo chimene chimalimbitsa thupi lake, chotchedwa chitin, ndi chomwechija chimachititsa ngumbi ndi ziwala kukhala zokhukhuta mkamwa. Amayi athu amene amati utale wokazinga bwino ndi nyama ndithu sanali kutali ndi zoona. Bowa wa manoyu ali m'gulu lalikulu limodzi ndi utale ndi ndelema, koma nthambi yake, yotchedwa Thelephorales, inapatuka kalekale. Timano take ndi momwe mumachokera timbewu tosaoneka touluka ngati fumbi.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kudziwika. Mitundu ya mbalame pa dziko lonse ilipo pafupifupi 11,000, ndipo pafupifupi yonse ili ndi mayina. Mitundu ya bowa yopatsidwa mayina ndi pafupifupi 155,000, koma akatswiri a ku Kew Gardens ku London amayerekeza kuti yonse ingakhale 2.5 miliyoni. Ndiye kuti pa mitundu 10 iliyonse, 9 ndi yoposa sinalembedwe paliponse.

Wina pamwamba, wina pansi

M'nyengo yozizira, sinowo atakuta pansi, capercaillie imakwera mu paini n'kumadya masamba ake osongoka aja, chakudya chimene nyama zambiri sizingachigaye. Imameza timiyala tothandiza kupera m'nthutumba, monga nkhuku ichitira, ndipo matumbo ake ndi aatali mwapadera. Kukafunda imatsikira pansi kukadya masamba ndi zipatso za blaeberry. Mu April ndi May, mbandakucha, atambala amasonkhana pa bwalo lawo, malo omwewo chaka ndi chaka, kudzavina ndi kumenyana, mathadzi akuonerera m'mitengo n'kusankha. Thadzi limaikira mazira pansi penipeni, nthawi zambiri m'tsinde mwa mtengo, n'kufungatira pafupifupi masabata anayi. Anapiye akaswa, masabata oyamba amadalira timbozi tokhala pa masamba a blaeberry. Ndiye mbalameyi imafuna nkhalango yaikulu, yakale, yolowa dzuwa pang'ono kuti blaeberry akule, ndiponso ya zii.

Bowa amakhala kunsi kwa zonsezi. Chimene mwana wanga anapeza ndi chipatso chabe. Thupi lenileni ndi timaulusi topyapyala kuposa tsitsi, toyanga m'dothi n'kukulunga nsonga za mizu ya paini. Pa ntchito yanga anthu amaona soketi pakhoma n'kumaganiza kuti intaneti imachokera pomwepo, osadziwa za mawaya oyenda m'denga ndi pansi pa simenti. Bowa ali chimodzimodzi: chooneka ndi soketi, zenizeni zili kosaoneka. Pa nsonga za mizu paja pamachitika msinthano. Timaulusi timalowa m'timipata ta dothi momwe muzu sungafike, n'kutenga madzi ndi mchere wa m'nthaka monga phosphorus ndi nitrogen, n'kupatsa mtengo. Mtengo umabweza ndi shuga wopangidwa m'masamba. Pa dothi losauka la mchenga ngati la ku Abernethy, paini amadalira kwambiri bowa wa mtundu wotere, ndipo ilipo mitundu yambiri yogwira ntchitoyi. Bowa wa mano sangakhale popanda mtengo wamoyo. N'chifukwa chake simungamulime m'chisakasa pa mapesi a chimanga, monga amalimira bowa wa oyisitara.

Pa nkhani ya njira awiriwa amasemphana. Bowa wa mano amakonda kutulukira pa dothi loyera, lopanda zinyalala zambiri: m'mbali mwa njira zakale, pa timitunda, m'magombe a mitsinje. Capercaillie imaopa njira. Kafukufuku wa m'nkhalango za kuno anaonetsa kuti imapewa mitengo yoyandikana ndi tinjira toyenda anthu, moti mbali yaikulu ya nkhalango yabwinobwino imangokhala osaigwiritsa ntchito. Choncho njira imene inatifikitsa pa bowa ndi yomweyo imene inatitalikitsa ndi mbalame.

Wowerengedwa ndi wosawerengedwa

Capercaillie inathapo kale mu Scotland. Zomaliza zinaomberedwa cha mu 1785, nkhalango zitachepa. Mu 1837 anakatenga zina ku Sweden n'kudzazimasula ku Taymouth, m'dera la Perthshire, ndipo zinaswana mpaka alenje kumaziombera mwa masewera. M'zaka za m'ma 1970 zinalipo pafupifupi 20,000. Kalembera wa 2015 mpaka 2016 anapeza 1,114. Patangopita zaka zisanu ndi chimodzi, 542. Pa dziko lonse mbalameyi siili pangozi, chifukwa ku Scandinavia ndi ku Russia ziliko zambirimbiri. Koma a Scotland akudziwa kuti kutaya chinthu kawiri ndi manyazi, ndipo ulendo uno kukatenga zina ku Sweden sikungathandize ngati chozipha chikadalipo.

Zozipha ndi zingapo. Mvula yozizira ya mu June imanyowetsa anapiye n'kuwapha asanamere nthenga. Mipanda ya waya yotchinga agwape, imene anaimanga pofuna kuteteza mitengo, inasanduka msampha, poti mbalame yolemera chonchi ikamauluka motsika siona waya. Mazira ndi anapiye amadyedwa ndi nkhandwe, akhwangwala, ndi kanyama kokwera m'mitengo kofanana ndi likongwe kotchedwa pine marten, komwe nakonso n'kotetezedwa ndi lamulo. Ndiye pali ife anthu, ndi agalu athu, njinga zathu ndi makamera athu.

Zimene akuchita poiteteza mumaziona mukamayenda. Mipanda yambiri anaichotsa, ndipo yotsalayo anaipachika timatabwa kuti izioneka. M'malo mwa mpanda, agwape amawachepetsa ndi mfuti, ndipo m'mphepete mwa nkhalango timitengo ta paini tayamba kukwera phiri tokha. M'madera ena amalowetsa ng'ombe kuti zipondereze heather, blaeberry apeze mpata. Ng'ombezo zimavala makolala a GPS, malire ake amajambula pa foni, ndipo ng'ombe ikayandikira malirewo kolala imalira. Ine monga munthu wa makompyuta apa ndinaima nthawi yaitali, mpaka mayi a kunyumba anachita kundikoka. Nthawi yoikira mazira amasiya nyama ya gwape m'malo osankhidwa kuti pine marten akhute, asafunefune zisa. Kuombera mbalameyi kunaletsedwa mu 2001, ndipo kuisokoneza pa bwalo lake kapena pa chisa ndi mlandu wa kupolisi. Kuyambira April mpaka August amapempha kuti galu akhale pa chingwe ndipo munthu asapatuke m'njira. Abernethy ilinso m'mgwirizano wa eni malo oyandikana wotchedwa Cairngorms Connect, umene mapulani ake obwezeretsa nkhalango ndi a zaka 200. Anthu akudzala mthunzi umene ngakhale zidzukulu zawo sizidzaukhala wonse.

Ife mbalameyo sitinaione. Mnyamata wathu, miyendo itatopa, anafunsa kuti, "Adadi, ndiye tabwerera chiyani?" Mayi ake anamuyankha kuti nkhuku ikamafungatira suisuzumira kawirikawiri, ndipo kusationa kwake ndiye kuti ili pabwino. Anavomera monyinyirika, atalonjezedwa ayisikirimu ku Aviemore.

Nanga bowa amutetezera ndani? Mu Britain, bowa wa mano wa mtunduwu amapezeka makamaka m'nkhalango za paini za ku Scotland, ndipo iye ndi abale ake analembedwa pa mndandanda wa zamoyo zofunika chisamaliro chapadera. Ku Netherlands ndi maiko oyandikana nawo anachepa kwambiri. Chifukwa chachikulu ndi nitrogen wochokera ku feteleza, ndowe za m'makola aakulu ndi utsi wa magalimoto, amene amagwa ndi mvula n'kunenepetsa dothi. Dothi likanenepa, ubale wa mtengo ndi bowa uja umasokonekera, ndipo bowa wa mano ndi amene amayamba kusowa. Vuto ndi lakuti kusowa kwake sikumveka. Mbalame mutha kuiwerenga pa bwalo m'mawa. Bowa amatha zaka osatulutsa chipatso ali moyo pansi. Ofufuza a ku Scotland atayeza DNA ya m'dothi anamupeza ali bwinobwino m'malo momwe sanaonekere kwa zaka zingapo. Ndiye mungadziwe bwanji kuti wafa kapena wangogona?

Onani manambala a bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi. Mbalame zonse zodziwika anaziunika kale, ina ndi ina. Bowa, pofika mu March 2025, anali ataunika mitundu 1,300 yokha, ndipo 411 mwa imeneyi inapezeka kuti ili pangozi. Mbalame ili ndi nkhope, ili ndi nyimbo, ili ndi bungwe la mamembala oposa miliyoni. Bowa amangopulumukira pa msana pa mbalame: akasunga agogo aakazi aja chifukwa cha capercaillie, mizu yawo imasunganso iye. Chikhalirecho masamba amene tambala amadya mu January anakula ndi mchere wotumizidwa ndi timaulusi ta pansi.

Safunsa anadya phula

Pano ndiike chenjezo, chifukwa ndikudziwa mtima wathu tikaona bowa. Tikubwerera ku galimoto, mayi a kunyumba anaima mwadzidzidzi pansi pa mtengo wina. "Abambo, si manyame awa?" Analidi ofanana nawo, achikasu ngati yolki ya dzira, onunkhira ngati chipatso. A kuno amati chanterelle, ndipo ndi a mfunda umodzi ndi manyame a kwathu, wa Cantharellus. Tinawayang'ana, malovu ali m'kamwa, n'kuwasiya pomwepo.

Malamulo a ku Scotland amalola munthu kuzula bowa wodya pakhomo pake m'malo ambiri, koma wogulitsa amafunika chilolezo cha mwini malo, ndipo m'malo otetezedwa ngati ano ndi bwino kungoona ndi maso. Chachikulu n'chakuti nzeru za bowa sizikwera ndege. Zimene agogo anatiphunzitsa zimagwira ntchito m'tchire la kwathu. M'nkhalango za paini za kuno muli bowa wofiirira wotchedwa deadly webcap, amene amamera malo amodzi ndi chanterelle ndipo amawononga impso. Mu 2008 mlembi wotchuka Nicholas Evans anamudya ndi abale ake m'dera la Moray, kufupi ndi konkuno, ndipo pamapeto pake anachita kumuika impso ina. Palinso awiri a mfunda wa Amanita, death cap ndi destroying angel, omwe akamaphuka amatuluka m'kathumba ngati dzira, ndendende ndelema. Ndelema nayenso ndi Amanita, n'chifukwa chake diso la kwathu limanyengeka. Awa amawononga chiwindi, ndipo kuphika, kufutsa kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wake. Zizindikiro zimachedwa, maola 6 mpaka 24, kenaka munthu amaoneka ngati wachira pomwe chiwindi chikutha. Abale a ku South Africa ndi ku America, death cap alikonso kwanuko, pansi pa mitengo ya oki ndi paini. Mwana akadya bowa wosadziwika musadikire kuti ayambe kusanza. Thamangirani kuchipatala, mutatenga chotsala cha bowayo.

Zigamba za kwathu

Chimene chinandikhudza ku Abernethy n'chakuti ubale wa mtengo ndi bowa umene akuufotokoza pa zikwangwani zawo ndi womwewo umene ukugwira tchire la kwathu. Mitengo ya m'nkhalango za miombo, monga mombo, tsamba, mchenga ndi msuku, nayonso mizu yake ndi yokulungidwa ndi timaulusi. Manyame, ndelema ndi chipindi zimene amayi amayala m'mbale m'mbali mwa msewu kuyambira December ndi zipatso za ubale umenewo. Mukadula mitengoyo, bowayo amapita nayo, ndipo kudzala bulugamu pamalopo sikubweza ndiwo zomwe zinalipo. Utale yekha ndiye ali ndi nkhani ina, poti iye amalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu.

Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwetsa mzinda wonse, inafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera chifukwa cha makala. Sindikuloza chala munthu wokankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kuti ana adye. Makalawo amapita m'tauni, ndipo ena amagulidwa ndi ndalama zomwe ife timatumiza mwezi ndi mwezi. Mabanja oposa 9 pa 10 alionse kwathu amaphikira nkhuni kapena makala. Tikamakambirana ndi abale za ndalama ya pakhomo, nkhani ya mbaula yosatha nkhuni kapena silinda ya gasi ingalowemo. Ndipo miombo ili ndi mwayi umene paini wa ku Scotland alibe: chitsa chake chimaphukira. Munda wa banja wongousiya, osaotcha, osazula zitsa, umabwerera wokha. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, mitengo yakale yatsala kumanda kokha. Timanda timeneto ndiye zigamba 84 zathu, ndipo a Scotland atiphunzitsa mtengo wake wa kuyambira pa zigamba.

Chinthu china tili nacho kale, chimene a kuno akuchifuna ndi makina a DNA. Amayi athu amadziwa bowa ndi dzina, mtengo wake ndi mwezi wake. Titabwerera ku Glasgow, mwana wathu wamkazi anaimbira agogo ake kuwafunsa mayina a bowa yense amene amawadziwa, iye akulemba m'kope la kusukulu, Chichewa chake chopunduka agogo akuchiwongola. Anagawa tsamba patatu: dzina, mtengo, mwezi. Anafika pa mayina 11. Pa atatu mwa amenewo agogo anati alembe kuti sanawaonenso chiyambire pomwe anthu analima phiri la kuseri kwa mudzi.

Mvula yoyamba ili pafupi kwathu. Mukaimba foni sabata ino, mukatha za feteleza ndi za fizi, afunseni akuluakulu za bowa wa kwanu, ndipo ana akhale pomwepo ndi cholembera. Mayina amasiyana: a ku Mzimba, a ku Chipata, a ku Angonia ndi a ku Mulanje sangatchule mofanana, ndiye musakangane, ingolembani ndi dera lake. Amene mungafune kukafika ku Abernethy, sitima yochokera ku Glasgow kapena Edinburgh imaima pa Aviemore, bowa wa mano amaoneka kuyambira August mpaka October, ndipo mutenge jekete ya mvula ngakhale kutacha ndi dzuwa.